Mabenchi a Makhansala

Ngati muli ndi kholo lofedwa m'nyumba ndipo mwaganiza zolitengera kunyanja ku England kuti likapitidwe mphepo, yambani mwamva zomwe zinandionekera ine. Dzina la katawuni komwe zinachitikira sindikuuzani. Anthu akumeneko sanandilakwire kanthu, wolakwa ndine ndekha, ndipo ndikukudziwani a Malawi a ku Glasgow kuno: mukangomva dzinalo mudzaza basi kupita kukajambulitsa pomwe mnzanu ndinachitira manyazi.

Mayi anga anatisiya chaka chatha mvula ili pakati. Ine ndinafika kwathu ku Ntcheu atawaika kale, ndinangopeza mulu wa dothi lofiira ndi nkhata zamaluwa. Nditabwerera kuno, mauthenga ankangobwera okhaokha oti bambo akutha. Sakudya, sakupita kumunda, ngakhale kutchalitchi komwe ndi mkulu wa mpingo akumangokhala kumbuyo. Achemwali anga aakulu, omwe amakhala ku Zomba ndipo sanayambe apemphapo munthu maganizo chibadwire, anagamula kuti bambo abwere kwa ine akhale miyezi ingapo. Lamulo anandipatsa limodzi.

“Osawakumbutsa. Wamva? Nkhani ya mayi isatuluke m'nyumbamo. Akayamba kuganiza, bipi ikwera, ndiye udzatiuza wekha chomwe wawachita.”

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mwana wamwamuna ndine ndekha, ndiye ndinavomera, ndipo ndinaigwira ntchitoyo mwakhama kuposa ya kuofesi komwe amandilipira.

Muwadziwe kaye bambo anga. Ndi hedimasitala wopuma, wa mtundu uja woti ngakhale akupita kukaona mbuzi amavala tayi. Ali ndi matenda awiri osachiritsika. Oyamba, chilichonse cholembedwa amachiwerenga mokweza: chikwangwani, katoni, kumbuyo kwa lole, bola pali zilembo. Achiwiri, sadutsa pomwe pali chinyalala. Ana a sukulu ankati akawaona akubwera, ngakhale tsamba la mango ankalibisa m'thumba. Koma munthu amene ndinakamulandira pabwalo la ndege sanawerenge chikwangwani ngakhale chimodzi njira yonse mpaka ku Dennistoun komwe timakhala, ndipo apa mtima wanga unayamba kuwawa.

Nyumba yathu ili pamwamba, masitepe ake otha nawo mpweya. Bambo anasankha mpando wapawindo loyang'ana kuseri, komwe kuli mabini ndi zingwe zoyanikapo zovala zosauma, n'kukhazikika pomwepo. Kunja mvula, m'nyumba zii. Akazi anga ankaphika zonse zomwe amazikonda, mbale n'kumabwerera monga inapitira. A mpingo atamva kuti kwabwera ofedwa anabwera kudzapepesa monga mwa mwambo, ine n'kuwatchingira pamasitepe.

“Takulandirani, koma za maliro ayi.”

“Nanga tabwereranji?” anafunsa a Chirwa, mkulu wa mpingo wathu, akupuma befu.

“Kudzacheza basi.”

Anthu asanu ndi Mabaibulo awo anakhala pabalaza kukamba za mpira ndi mtengo wa chimanga. Potsiriza a Chirwa anapemphera pemphero lozungulira ngati njira ya basi: “Ambuye, inu mukudziwa zija zinachitika zija. Sitizitchula, koma mukuzidziwa.” (Ndinawatsinzinira diso kuwayamikira. Mundikhululukire, nthawi imeneyo ndinkadziona wanzeru.)

Patapita masabata angapo, bambo anandiitana pawindo paja.

“Kodi tikiti ija ingasinthidwe? Ndikufuna ndizibwerera kumudzi.”

Kumudzi kunali nyumba yopanda munthu, ndipo ndinkadziwa kuti akabwerera ali chonchi, ulendo wotsatira wa ine ku Ntcheu ukhala wina wofika mochedwa. Ndinawapempha kuti andipatse mpata pang'ono, sanaone kalikonse m'dziko muno. Anangoti, “Chabwino,” mawu a munthu amene sakufuna kukangana.

Mawa lake kuntchito ndinafunsa mayi wina wa Chisikoti yemwe timayandikana madesiki kuti munthu wachikulire wokhumudwa amamutengera kuti. Iye anatchula katawuni kena kutsidya kwa malire, komwe ankapita ndi agogo ake ali mwana. Akuti kuli nsanja yowunikira zombo, kanyumba kosungiramo zakale za asodzi, masewera a ana, nsomba ndi tchipisi zokoma kuposa za kuno, ndiponso njira yaitali yoyenda m'mbali mwa nyanja yokhala ndi mabenchi opumirapo. Za mabenchizo anazitchula ngati chinthu chabwino, ndipo ine ndinazilandira chomwecho.

Tinanyamuka Lachinayi, awiriwiri. Akazi anga anali ndi ntchito, koma anatimangira kamba wa paulendo wachimalawi weniweni: nkhuku yokazinga, mazira owiritsa ndi mandasi, zonse m'kontena ya ayisikirimu. Tinakwera sitima pasiteshoni ya Central, n'kukasintha ku Carlisle kukwera ina yaing'ono yoima paliponse ngati minibasi. Bambo tulo titawagwira anavula magalasi n'kundipatsa kuti ndiwasungire, ine n'kuwaponya m'thumba lamkati la jekete.

Titatsika, mphepo inatilandira ndi mbama. Kumwamba kunali kotuwa, misewu yonyowa, masitolo ambiri otseka. Kuchokera pasiteshoni msewu umatsetsereka molunjika kunyanja, ndipo ine ndinatsogola pang'ono kuti ndikaone koyambira. Mabenchi aja analipodi, ndandanda wake mpaka komwe maso amalekezera, onse oyang'ana kumadzi. Benchi iliyonse inali ndi kachitsulo konyezimira kumsana kwake. Ndinawerenga koyamba: pokumbukira wakutiwakuti, yemwe ankakonda kukhala pano. Ndinati mwina yangokhala imodzi. Kachiwiri: mwamuna wanga wokondedwa, tidzakumananso. Kachitatu: mayi wathu, tikukusowani tsiku lililonse.

Abale inu! Ndinathawitsa munthu ku maliro amodzi n'kumubweretsa ku maliro a tawuni yonse. Azungu a m'matawuni a kunyanja ndi mmene amachitira: m'bale wawo akamwalira amamugulira benchi pomwe ankakonda kukhala, n'kulembapo dzina, n'kumabwera kudzamangirirapo maluwa. Ine zaka zonsezi ndili kuno sindinkadziwa, chifukwa ine ndi nyanja tinali tisanaonanepo, ndimangodziwa njira ya kuntchito ndi ya kutchalitchi.

Bambo anandipeza ndili kakasi. Anatambasula dzanja.

“Tandipatsa magalasi aja.”

Apa ndi pomwe munthu wanzeru akanapereka magalasi n'kusiya zonse m'manja mwa Mulungu. Ine ndinaona hedimasitala akuwerenga mokweza mayina a akufa kuyambira benchi yoyamba mpaka yomaliza, ndinaona bipi, ndinamva mawu a achemwali a ku Zomba. Ndinapapasa matumba onse kupatula limodzi.

“Mayo ine! Bambo, atsala m'sitima.”

Sanakalipe. Anandiyang'ana ndi maso aang'ono aja a munthu wovula magalasi, n'kuyang'ana kumtunda komwe sitima inalowera. “Magalasi amene aja,” anayamba, koma sanamalize. Anangokweza kolala ya jekete n'kunena kuti tiyeni.

Ndiye taganizani. Ndayenda mtunda wonsewu kuti munthu adzaone zinthu, ndipo chinthu choyamba chomwe ndachita n'kumulanda maso. Bambo opanda magalasi amaona dziko ngati lili m'thumba la pulasitiki. Tinaima pampanda wachitsulo, ine n'kutambasula mkono monyadira.

“Nyanja ija ndi imeneyi, bambo.”

“Ili mbali iti?”

Sindikanawadzudzula. Madzi anali otuwa, mitambo yotuwa, mchenga wotuwa, ngakhale ine wamaso abwino sindinkaona polekanira.

Tinapita kunsanja yowunikira zombo. Anaiyang'ana kuchokera pansi mpaka pamwamba n'kufunsa ngati ili thanki ya madzi. Pachitseko panali chipepala choti adzatsegula nyengo yotentha. Tinapita kumalo a masewera a ana komwe amamenya kampira ndi ndodo kulowetsa m'timaenje: maenje onse anali odzaza madzi a mvula, ndipo pa limodzi panakhala bakha. Tinalowa m'nyumba ina ya magetsi ophethira ndi nyimbo zaphokoso, ndimayesa tiotha kutentha, koma bambo atangomva kulira kwa timakobiri m'makina anaima pakhomo.

“Kodi muno si mwa juga?”

“Ndi masewera chabe, bambo.”

“Ine mkulu wa mpingo. Tituluke.”

Chiyembekezo changa chinatsalira pa kanyumba ka zakale za asodzi. Tinalowa, mayi wapakhomo anatimwetulira, munali mofunda bwino. Munali maukonde, nyali zakale ndi bwato lopulumutsira anthu. Ndinayamba kupuma. Kenako ndinatembenuka n'kuona khoma lonse lodzaza zithunzi za amuna ovala zipewa, pamwamba pake atalemba kuti awa ndi amene nyanja inawameza.

“Awa ndani?” anafunsa bambo akusendera pafupi.

“Timu ya mpira. Yakale. Tiyeni, akufuna kutseka.”

“Osewera ambiri chonchi?”

“Ndi olowa m'malo omwe.”

Tinatulukanso kumphepo. Kunalibenso kwina kopita koma njira ya mabenchi ija, ndipo miyendo ya bambo inali itatopa. Anakhala pa benchi ina, n'kutsamira, kachitsulo kaja n'kuwakhudza pamsana. Anatembenuka n'kukapapasa ndi chala.

“Apa alembapo. Akuti chiyani?”

Bodza likayamba silipempha chilolezo, limangotuluka lokha. “Ndi dzina la khansala, bambo. Khansala aliyense akasankhidwa amagulira anthu ake benchi.”

Kwa nthawi yoyamba chibwerereni, nkhope ya bambo inasuntha. Anadzuka n'kuyang'ana ndandanda uja, womwe kwa iwo unali mzere wa zinthu zakuda.

“Onsewa makhansala?”

“Akale ndi atsopano.”

“Ichi ndiye chitukuko! Wathu uja zaka zonse zija anangomanga chimbudzi chimodzi pamsika, chopanda ndi chitseko chomwe.”

Anaseka. Kuseka kwenikweni, kwa mano panja. Ine mtima unadumpha ndi chimwemwe, ndinadziuza kuti ndine dokotala. Tinayamba kuyenda, iwo akuloza benchi iliyonse ndi ambulera n'kumandifunsa kuti uyu anali wa chipani chanji. (Kwathu mwana akaloza manda amamenyedwa padzanja. Ine ndinayendetsa mkulu wa mpingo njira yonse akuloza akufa ndi ambulera, ndikumuuza kuti uyu anali wotsutsa boma.) Pa benchi ina panali chithunzi cha bambo wina atanyamula chinsomba, ndinati ameneyu anali wapampando wa komiti ya zausodzi. Pa ina panamangiriridwa kachidole ka mwana konyowa ndi mvula. Pamenepo bodza silinabwere, ndinangowakoka dzanja kuti tidutse msanga.

Kenako anaona maluwa. Mabenchi ambiri anali ndi mitolo ya maluwa, ina yofota, ina yowola kale m'mapepala ake.

“Nanga zinyalalazi?”

“Kunali chikondwerero sabata yatha.”

“Chikondwerero chatha osasesa? Azungu omwewa?” Anayamba kumasula mtolo umodzi. Ndinawagwira mkono n'kuwauza kuti pali anthu olembedwa ntchito imeneyo, tisawalande. Anausiya monyinyirika, akudandaula kuti ulesi ulibe khungu.

Pafupi ndi kumapeto kwa njirayo anapeza benchi yobisika kumphepo ndi khoma, n'kukhala. Apa ananena mawu omwe akazi anga anawadikira masabata onse aja.

“Kodi kamba uja ali kuti? Njala yandigwira.”

Ndinatsala pang'ono kuvina. Ndinawapatsa kontena ija n'kuwauza kuti andidikire, ndikagule tiyi wotentha ndi nsomba ija anaitama mnzanga wa kuntchito. Sitolo yake inali patsidya pa msewu. Ndinapeza mzere, ndipo mnyamata wogulitsa ankandifunsa mafunso ambirimbiri m'Chingerezi chakumeneko chomwe ngakhale ine wozolowera cha ku Glasgow ndinkangoti eya pa chilichonse. Ndinachedwa. Ndikutuluka ndi katundu m'manja onse awiri, ndinkaganiza kale mmene ndikauzire achemwali kuti bambo adya.

Ndili chapatali ndinaona kuti pa benchi paja pasintha. Pomwe ndimachoka panali mtolo wa maluwa ofota m'kabotolo ka madzi komangiriridwa ndi waya. Tsopano maluwa munalibe, mapesi ake ankasuzumira m'bini yapafupi. Kabotolo kanali m'manja mwa bambo, akudzithira madzi ake kusamba m'manja, chifukwa Mmalawi sagwira nkhuku asanasambe. Kontena inali yotsegula pakati pa benchi, makoko a dzira atawaunjika mwaudongo pambali. Kutsogolo kwawo kunaima nkhalamba ina ya Chizungu, yaitali, yowerama pang'ono, kagalu pachingwe kudzanja lina, kudzanja linalo maluwa atsopano achikasu.

Ndinafuna kukuwa, koma ndikuwe chiyani? Ndinafika bambo atayamba kale kulankhula, m'Chingerezi chawo cha uhedimasitala chija, chositasita ngati malaya a Lamulungu. Ankamuitanira mlendoyo kuti akhale adye nawo, malo alipo.

Nkhalambayo inayang'ana kabotolo, inayang'ana bini, inayang'ana nkhuku. Inalankhula motsitsa. “Iyi ndi benchi ya mkazi wanga.”

“Ya akazi anu?” Bambo anaimirira mwaulemu n'kupukuta dzanja pampango. “Ndiye ndinu odala! Ine ndachokera ku Malawi, ndipo ndaona ntchito yomwe amayi amenewa ndi anzawo agwira m'tawuni muno. Mukafika kunyumba mukawathokoze m'malo mwanga. Mukawauze kuti akadzaimanso pachisankho, ndikanakhala wa kuno, voti yanga ikanakhala yawo.”

Kukanakhala dzenje pafupi ndikanalowamo n'kudzikwirira ndekha. Tiyi ankandiwotcha zala koma sindinamve.

Mzungu uja anayang'ana maluwa omwe anali m'dzanja lake. “Doreen anamwalira,” anatero. “Chaka chatha, nthawi yozizira. Apa ndi pomwe tinkakhala.”

Bambo anatembenuka pang'onopang'ono kundiyang'ana ine. Ndinaiona nkhope yomwe ana a sukulu ankaiopa, koma mkwiyo munalibe, munali chinthu china choipa kuposa mkwiyo. Anandilankhula m'Chichewa, ndipo anandipatsa ulemu womwe amapereka akafuna kukucheka.

“Bwana, tandiwerengereni zomwe zalembedwa apa.”

Ndinaika tiyi ndi nsomba pansi. Ndinapisa dzanja m'thumba lamkati la jekete n'kutulutsa magalasi aja.

Anawayang'ana ali m'dzanja langa nthawi yaitali asanawalandire. Atawavala anawerama n'kuwerenga kachitsulo kaja, koma ulendo uno sanawerenge mokweza. Anapita pa benchi yotsatira, anawerenga. Anapita pa ina. Kenako anaima n'kuyang'ana ndandanda wonse womwe tinadutsa, uku ambulera ili m'manja, n'kuibisa kumbuyo ngati chinthu chakuba. Anavula chipewa, mvula yowaza n'kumagwera padazi.

“Mwandidyetsa pamanda,” anatero. “Mwandisambitsa m'manja ndi madzi a maliro a eni ake.”

Ndinayesa kufotokoza kuti si manda enieni, mtembo suli pamenepo, koma anakweza dzanja ndipo ndinatseka pakamwa. Anapita pabini paja, munthu wa tayi, n'kupisamo dzanja kutulutsa maluwa ofota aja limodzilimodzi. Anabwera nawo kwa mzungu uja n'kugwada pasimenti yonyowa, mawondo akulira, n'kuwomba m'manja katatu monga timachitira kwathu. Anapepesa. Anati ndi mlendo, ananamizidwa ndi mwana wake yemwe anamuphunzitsa yekha, koma mlandu ndi wake chifukwa dzanja lomwe lataya maluwa ndi lake.

Mzungu uja anasokonezeka kuposa ife. Anaponya chingwe cha galu n'kuyamba kuwadzutsa bambo, akuti chonde dzukani, chonde. Akuti maluwa akalewo amawataya yekha m'bini yomweyo Lachinayi lililonse akabweretsa atsopano, bambo angomuchepetsera ntchito. Kenako anaseka pang'ono, misozi ili m'maso, n'kunena kuti Doreen akanamva kuti wasankhidwa ukhansala akanaseka mpaka kugwa pa benchipo, chifukwa andale ankadana nawo onse. Anati dzina lake ndi Ken. Anathandizana kuika maluwa achikasu aja m'kabotolo (madzi anathiramo anga akumwa, osandipempha), n'kukhala pansi onse awiri. Kagalu kanali katayamba kale kudya nsomba yanga.

Ine ndinaima pambali ngati mwana wodikira chibalo. A Ken anayang'ana dzanja la bambo, pomwe pali mphete, n'kufunsa funso lomwe ine ndinatchingira mpingo wonse pamasitepe kuti lisafunsidwe.

“Nanga inu, akazi anu alipo?”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndilowererepo. Bambo sanandiyang'ane n'komwe.

“Anamwalira. Chaka chatha, nthawi ya mvula.”

“Pepani. Dzina lawo anali ndani?”

“Esinati.”

Chibadwire changa ndinali ndisanamvepo bambo akutchula dzina limenelo. Kunyumba ankati Nachisale, kapena mayi a ana. Analitchula pang'onopang'ono ngati akuopa kuliswa. Kenako mawu anayamba kutuluka ngati madzi a pampopi womwe unatsekedwa kalekale. Anakamba za mmene anakumanirana pa kwaya, za mmene mayi ankawabisira shuga, za mbatata zomwe anadzala koma sanakumbe. Anavula magalasi n'kuwaonetsa a Ken, akuti felemu yake anasankha ndi Esinati ku Blantyre, ponena kuti akale aja ankawaonetsa ngati kadzidzi. Apa ndinamvetsa chomwe anafuna kunena m'mawa muja pomwe ndinati atsala m'sitima, ndipo ndinadzida.

Bambo anazindikira kuti ndikumvetsera. “Inu, kaoneni nyanja uko,” anatero. “Mwaiyendera mtunda wautali.”

Ndinapita kukaima pampanda wachitsulo, msana kwa iwo. Nyanja inali yotuwa chomwecho. Kumbuyo kwanga nkhalamba ziwiri zinkadya nkhuku ya akazi anga pa benchi ya Doreen, zikulira ndi kuseka mosinthana. (Zoti pamanda sadyerapo zinathera pomwe mwini manda anatenga ntchafu.) Ndinaima pamenepo mpaka zala zinachita dzanzi.

M'sitima yobwerera sitinalankhulane mpaka titadutsa Carlisle. Bambo ankawerenga mayina a masiteshoni chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Ndinayamba kupepesa, ndinati tinkaopa bipi, ndinati ndi achemwali anandituma.

“Achemwali akowo ndiye anabisa magalasi?”

“Ayi, bambo.”

Anayang'ana pawindo. “Pabalaza panu paja pali msomali pakhoma wopanda kanthu. Utoto wozungulira ndi wowala kuposa kwina. Ndinauona tsiku lomwe ndinafika.” Pamsomalipo panali chithunzi cha mayi, ndinachichotsa ndekha n'kuchibisa pansi pa bedi ndisanapite kukawalandira. “Ndinati ana awa aiwala msanga, kapena nkhaniyi ikuwatopetsa. Ndiye ndinakhala chete kuti ndisakuvuteni m'nyumba mwanu. Masabata onsewa ndimafuna munthu mmodzi yekha woti andifunse za iye, ndakamupeza kwa mzungu wa galu.”



“Iwe unafika titaika kale,” anapitiriza. “Sunalire. Ndinakuona, unkangothamangathamanga ndi makiyi a galimoto. Tanena, mayi ako anali ndani?”

Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule dzinalo. Silinatuluke. Chomwe chinatuluka ndi kulira kwa mwana wa ng'ombe, kokweza, kwa mamina, m'sitima yodzaza anthu ochokera kuntchito. Ine bambo wa ndevu, wa ana awiri. Mayi wina yemwe anakhala moyang'anana nafe ananyamula chikwama chake mwakachetechete n'kusamukira kutsogolo. Bambo anandipatsa mpango wawo, wonunkhira nkhuku, n'kundigwira paphewa mpaka tinalowa mu Glasgow. Apa ndi pomwe ndinadziwa kuti yemwe ndinkamuteteza pamasitepe paja sanali bambo, ndinali ine ndemwe.

Mukuyesa zinatha bwino? Tikiti inasinthidwabe. Anadya bwino masiku otsalawo, anawerenga zikwangwani zonse za mu Duke Street, koma anati ayenera kupita. “Mnzanga uja ali ndi pokhala ndi mkazi wake Lachinayi lililonse. Ine kuno ndilibe.” Panopa ali ku Ntcheu okhaokha m'nyumba ija, ndipo foni ikalira m'mawa kwambiri mtima wanga umayamba wathawa.

Ndinaphunzirapo kanthu? Ndinaphunzira kuti wofedwa sumuchiritsa pomubisira maliro ake omwe. Izi ndimauza aliyense, ngakhale a Chirwa ndinawauza, ngati kuti ndinazitulukira ndekha. Koma pakapita miyezi iwiri kapena itatu, mtima ukalemera, ndimatenga tsiku kuntchito, n'kukwera sitima ziwiri zija ndekha. Ndimasankha benchi ya mayi wina aliyense yemwe ana ake analemba kuti akumusowa, n'kukhalapo, n'kulira mayi anga pa benchi ya eni ake mpaka mphepo itanditopetsa. Ndikafika kunyumba madzulo maso ali psuu, akazi anga amandifunsa kuti kuntchito kunali bwanji.

Ndimati kunali misonkhano yambiri.